Madzi Akabiriwira pa Dziwe ndi pa Damu

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Majaua, dzuwa limaswa mtengo. Timitsinje tambiri timaleka kuyenda, pamangotsala maiwe apa ndi apo. Mtsinje wa Ruo ndiwo umapitirira, kuchokera ku phiri la Mulanje mpaka kukathira mu Shire pa Chiromo. Nthawi imeneyi ndi pamene madzi a m'maiwe, m'zithaphwi ndi m'madamu a nsomba amasanduka obiriwira. Ena amati madzi awola. Ena amati ndi ndere chabe, ilibe kanthu. Onsewa akunena zoona pang'ono, koma nkhani yake ndi yaitali. Mlimi amene ali ndi damu, mbuzi, kapena ana okonda kusamba ku dziwe ayenera kuimvetsa bwino.

Chimabiriwiritsa madzi n'chiyani?

Ndere imene tonse timaidziwa ndi ija yonga tsitsi, imene imamera pa miyala ndi kutigwetsa powoloka mtsinje. Koma ilipo ndere ina imene maso athu sangaione imodziimodzi. Ndi tizomera ting'onoting'ono kwambiri, topanda mizu, topanda masamba, tongoyandama m'madzi. Tambiri n'tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu. Tikakhala towerengeka madzi amaoneka oyera mbee, tikachulukana madzi amabiriwira. Anthu a sayansi amatitcha phytoplankton. Dzinali n'lovuta pakamwa, tsono ife m'phunziro lino tizingoti tindere.

Tindere timafuna zomwe chimanga chimafuna: dzuwa, madzi ndi chakudya. Inu amene mwayamba kuwerenga, tayang'anani pa thumba la feteleza wokulitsa, uja wolembedwa 12-24-12. Muona malembo atatu, N, P ndi K. Awiri oyambawo, N ndi P, ndiwo chakudya chachikulu cha tindere. Chakudya chomwechi chimapezekanso mu ndowe, m'zitosi za nkhuku, m'mikodzo ndi m'zonyansa za m'chimbudzi. Zimenezi zikalowa m'madzi oima, dzuwa n'kuwomba, tindere timaswana msanga zedi. Kamodzi kamagawika pakati kukhala tiwiri, tiwiri kukhala tinayi, ndipo posachedwa dziwe lonse lili biriwiri.

Musatinyoze tindere. Makumba ndi chambo amadya tomweti. Tizilombo ta m'madzi timene matemba ndi usipa amadya nato timakhuta tindere. Damu la madzi oyera mbee ndi damu la njala, ndiye chifukwa chake alangizi amatiuza kuthira manyowa m'damu. Komanso akatswiri amati pafupifupi theka la mpweya wabwino umene zomera za pa dziko lonse zimatulutsa umachokera ku tindere ta m'nyanja. Mpweya wabwinowu ndi uja anthu, ziweto ndi nsomba amapuma, wotchedwa okosijeni.

Vuto limayamba tikachuluka kupyola muyeso. Masana tindere timatulutsa mpweya wabwino. Usiku timaleka kutulutsa, koma timapitirira kupuma, ndiye timalanda mpweya womwe uja nsomba zikudalira. Nthawi yoopsa ndi m'bandakucha. Mukapita ku damu dzuwa lisanatuluke n'kupeza nsomba zonse zili pamwamba, pakamwa yasa yasa, dziwani kuti mpweya watha. Kukachita mitambo masiku awiri kapena atatu kukutentha popanda mphepo, tindere tambiri timafera pamodzi, madzi amasanduka oderako ndi kununkha. Powola timamalizanso mpweya wotsala. Mlimi angathe kutaya nsomba za miyezi isanu ndi umodzi usiku umodzi wokha. Walira mvula walira matope: manyowa omwe amanenepetsa nsomba ndi omwenso amazipha akachuluka.

Ndere ya penti

Ulipo mtundu wina woipa koposa. Umayandama pamwamba ngati munthu watayira penti wobiriwira m'madzi, ndipo ukamauma m'mphepete umaoneka wa buluu. Mphepo imaukankhira mbali imodzi ya dziwe, kumene umaunjikana ngati phala. Ife m'makalasi mwathu timautcha ndere ya penti. M'mabuku umatchedwa cyanobacteria, ndipo wodziwika kwambiri ndi Microcystis. Nthawi zina ndere imeneyi imapanga poizoni amene amaononga chiwindi. Mitundu ina ya gulu lomweli imapanga poizoni woumitsa thupi, wopha chiweto tsiku lomwelo. Munthu akasamba m'madzi otere khungu ndi maso zimayabwa. Akamwa amasanza ndi kutsegula m'mimba. Galu amavutika kwambiri chifukwa akatuluka m'madzi amadzinyambita.

Si nkhani ya lero. Mu 1878 bambo wina dzina lake George Francis analemba za nkhosa, akavalo, nkhumba ndi agalu zimene zinafa zitamwa madzi a ndere pa nyanja ya Alexandrina ku Australia. Ku South Africa, m'nkhalango ya nyama ya Kruger imene ichita malire ndi dziko lathu, zipembere ndi mbidzi zinafa mu 2005 ndi 2007 zitamwa pa damu lina. M'damumo munali mvuu zambiri, ndowe zake n'zimene zinadyetsa ndere. Ku Botswana mu 2020 njovu zoposa 300 zinapezeka zitafa, ndipo boma la kumeneko linalengeza kuti chinazipha ndi poizoni wa ndere m'zithaphwi. Njovu, abale! Nanga kamwana ka mbuzi kangalimbe bwanji?

Anthu nawo anafapo. Ku Brazil, dziko loyankhula Chipwitikizi ngati lathu, mumzinda wa Caruaru, odwala impso oposa 50 anamwalira mu 1996. Makina osefa magazi awo ankagwiritsa ntchito madzi a m'damu la ndere amene sanayeretsedwe mokwanira, poizoni n'kulowa m'magazi. Ku America, mumzinda wa Toledo, anthu pafupifupi 400,000 anauzidwa mu Ogasiti 2014 kuti asamwe madzi a m'mipopi kwa masiku atatu, chifukwa cha ndere ya pa nyanja ya Erie.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika malire a poizoni wa chiwindiyu m'madzi akumwa a masiku onse. Malire ake ndi galamu imodzi m'malita 1,000,000. Tiyeni tichite samu. Mgolo umodzi umalowa malita 200. Kodi malita 1,000,000 ndi migolo ingati? Ndi migolo 5,000. Ndiye kuti kapoizoni kosadzaza ndi supuni ya tiyi yomwe n'kokwanira kufikitsa migolo 5,000 pa malire.

Apa pali chinthu chimene tifuna aliyense achimve. Mayi wina m'kalasi anatifunsa kuti, "Nanga tikawiritsa?" Funso labwino, chifukwa a chipatala anatiphunzitsa kuwiritsa madzi. Koma kuwiritsa kumapha tizilombo ta kolera, sikuchotsa poizoni wa ndere ayi. Kusefa ndi nsalu kumachotsa zobiriwira zooneka, poizoni wosungunuka amadutsa. Mankhwala a Certeza tipitirize kuthira m'madzi akumwa monga mwa masiku onse, koma tisawadalire pa madzi a ndere ya penti. Madzi oterewo n'ngongowasiya basi, n'kukatunga pa mjigo kapena pa chitsime chotetezedwa, ngakhale kutalike.

Kuwerenga tindere

Kuti munthu adziwe mtundu wa tindere tili m'madzi, ayenera kutiona pa maikulosikopu, makina agalasi aja okulitsa zinthu, onga amene a chipatala amayezera magazi. Kuyambira kale ntchito yake inali yotere: kupita ndi bwato, kutunga madzi m'botolo, kubwerera ku ofesi, kuika madzi pang'ono pansi pa galasi, n'kuyamba kuwerenga kamodzikamodzi mpaka msana kupweteka.

Ndi m'mene anachitira aphunzitsi a University of Malawi, pamodzi ndi mayi Margaret Kalk, pa nyanja ya Chilwa m'zaka za m'ma 1960. Nyanja imeneyi, kumene kumachokera matemba, gombe lake la kum'mawa limakhudza dziko lathu la Mozambique. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995, ndi mbali yaikulu mu 2018. Ofufuzawo anaona kuti pamene nyanja inkaphwa, mchere unkachuluka m'madzi otsala, tindere ta gulu la cyanobacteria tinkalanda malo, ndipo nsomba zinachepa kwambiri. Inali ntchito yotamandika. Koma munthu sangagone pa bwato chaka chonse. Akapita kamodzi pa sabata kapena pa mwezi, ndere ingathe kubuka, kuononga, ndi kuzimirira iye asanabwerenso.

Makina osagona

Ku America, pa malo otchedwa Woods Hole m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, kuli bungwe lofufuza za m'nyanja, dzina lake Woods Hole Oceanographic Institution. Akatswiri awiri a kumeneko, bambo Robert Olson ndi mayi Heidi Sosik, anapanga makina otchedwa Imaging FlowCytobot, mwachidule IFCB. Kuwaona kunja ali ngati chitini chachitali mita imodzi, chonenepa ngati ndowa. M'kati mwake muli maikulosikopu, kamera, pampu yaing'ono ndi kompyuta. Chitinicho amachimiza m'nyanja ndi kuchimangirira pa nsanja kapena pa doko, n'kuchisiya komweko miyezi ingapo.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kotere. Pa mphindi 20 zilizonse makinawa amakoka madzi okwana mamililita 5, ndiye kuti supuni imodzi ya tiyi. Madziwo amawadutsitsa m'kanjira kopapatiza kwambiri, kuti tindere tiziyenda pa mzere, kamodzi pambuyo pa kanzake, monga mbuzi potuluka pa khomo la khola. Pa kanjirako pamawomba kuwala kwamphamvu kotchedwa laser. Chobiriwira chija chili m'chomera chilichonse chikaombedwa ndi kuwalaku chimanyezimira mofiira. Makina akaona kunyezimirako amadziwa kuti chikudutsachi ndi chomera, osati kamchenga, ndipo pomwepo kamera imajambula. Kandere kalikonse kamatuluka ndi chithunzi chakechake, ngati cha pa chiphaso.

Samu ina: ngati makina akoka madzi katatu pa ola, pa maola 24 akoka kangati? Yankho ndi 72. Tikachulukitsa 72 ndi mamililita 5 tipeza mamililita 360. Tsiku lonse amayeza madzi ongopitirira pang'ono botolo limodzi la Fanta. Mungaseke, koma m'madzi ochepawo mumatuluka zithunzi zikwizikwi, usana ndi usiku, mvula kaya dzuwa. Nthawi ndi nthawi makinawa amadzitsuka okha m'kati ndi mankhwala, kuti kanjira kaja kasatsekeke.

Zithunzi zimapita ku mtunda pa waya kapena pa intaneti. Nanga angaziyang'ane zonsezo ndani? Apa ndi pamene ife a sukulu za akuluakulu tinakondwera kwambiri pomva nkhaniyi. Kompyuta imaphunzitsidwa monga momwe inu mukuphunzirira malembo. Tsiku loyamba b ndi d amaoneka amodzi. Mphunzitsi akakuonetsani kambirimbiri, kuti uyu mimba yake ili kutsogolo, uyu ili kumbuyo, mumayamba kusiyanitsa nokha. Akatswiri nawo amasankha zithunzi zambiri ndi manja, n'kuuza kompyuta kuti aka ndi kakuti, aka ndi kakuti. Pakuti tindere sitifanana. Tina n'tozungulira, tina tonga singano, tina tolumikizana ngati mkanda, tina tili ndi nyanga. Ikazolowera, kompyuta imayamba kusankha yokha ndi kuwerenga kuti mtundu wakuti lero ulipo wochuluka bwanji. Mtundu woipa ukayamba kukwera, imatumiza uthenga kwa eni ake. Imalakwitsanso nthawi zina, monga wophunzira aliyense, ndiye katswiri amabwerezamo.

Makina oyamba anawaika mu 2006 pafupi ndi chilumba cha Martha's Vineyard, ndipo anajambula madzi a pamalopo zaka zambiri zotsatana. Mu 2007 ena anawaika pa doko la Port Aransas ku Texas, mothandizana ndi mayi Lisa Campbell wa pa yunivesite ya Texas A&M. Anawaika kuti azidikirira mtundu wina wa ndere yofiiritsa madzi imene imapha nsomba kumeneko. Koma kumayambiriro kwa 2008 zithunzi zinayamba kuonetsa mlendo wina amene sankamuyembekezera, dzina lake Dinophysis. Kandere kameneka kali ndi poizoni wotsegula m'mimba. Nkhono za m'nyanja ya mchere zotchedwa oyster zimasefa madzi pofuna chakudya, poizoni n'kumaunjikana m'thupi mwake, ndipo wodya nkhonozo ndiye amadwala. Ofufuza anadziwitsa a zaumoyo, a zaumoyo anayeza nkhono n'kupezamo poizoni, ndipo boma linaletsa kukolola nkhonozo. Izi zinachitika kutatsala pang'ono kuti kuderako kukhale chikondwerero chimene anthu ambiri amasonkhana kudzadya nkhono zomwezo.

Makinawa ali ndi malire ake. Amajambula nkhope ya kandere, koma sayeza poizoni. Ndere ya mtundu umodzi ingathe kukhala ndi poizoni mwezi uno, mwezi wamawa ayi, nkhope ili yomweyo. Kuyeza poizoni kumafunabe anthu ndi zipangizo zina. Amaonanso madzi a pamalo pamene amangidwa pokha. Mtengo wake umaposa wa galimoto latsopano, ndipo amafuna magetsi osaduka ndi munthu wodziwa kuwakonza. Kunena zoona, ife sitiona kuti ndi chinthu choyamba chimene Majaua akusowa. Mijigo yokwanira ikanatithandiza msanga kuposa kamera ya m'madzi. Pa nyanja zazikulu monga Niassa ndi Cahora Bassa, kumene anthu ochuluka amadalira nsomba, ndi kumene makina otere angakhale ndi ntchito.

Koma taonani chimene chinapulumutsa anthu a ku Texas. Makina aja sanachiritse madzi. Anangoyang'ana malo amodzi nthawi zonse mosadumphitsa, n'kusunga zimene aona, kotero kuti chachilendo chitabwera chinadziwika msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito imeneyo, pa dziwe la m'mudzi, munthu wodziwa kulemba angathe kuigwira.

Zida zathu: mbale, ndodo, botolo ndi kope

Chida choyamba n'chakale kwambiri. Anachiyamba ndi wansembe wa ku Italy, Angelo Secchi, mu 1865, ndipo akatswiri akuchigwiritsabe ntchito. Tengani chivundikiro choyera cha chidebe, chotambalala ngati masentimita 20. Chikhomereni kunsonga kwa ndodo yowongoka. Ndi rula ya mwana wa sukulu, lembani mizere pa ndodoyo, kuyambira pa mbale kukwera m'mwamba, masentimita 10, 20, 30, 40, 50. Dzuwa likakwera, mizani mbale pang'onopang'ono mpaka isaonekenso, ndipo werengani nambala imene madzi afika. Ikazimirira pakati pa 30 ndi 40, damu lanu lili bwino. Ikamaonekabe pa 50, madzi alibe chakudya, onjezerani manyowa. Ikazimirira musanafike pa 20, tindere tachuluka, lekani manyowa lero lomwe. Opanda mbale angathe kumiza mkono mpaka m'chigongono: chikhatho chizioneka mwa apo ndi apo. Koma mkono musaumize pamene pali ndere ya penti. Kumbukiraninso kuti madzi ofiira a matope nawo amabisa mbale. Amenewo si tindere, ndi dothi lokokoloka.

Pofuna kusiyanitsa ndere, pisani ndodo m'zobiriwirazo n'kuitukula. Ikatuluka ndi zingwezingwe zolendewera ngati tsitsi, ndi ndere wamba. Ikatuluka ngati mwaiviika m'chitini cha penti, chenjerani. Kenaka tungani madziwo m'botolo loonekera m'kati, osawakhudza ndi manja, liikeni pa malo ozizira pamene ana safika, ligone usiku wonse osaligwedeza. M'mawa zobiriwira zikakhala pansi, kawirikawiri ndi tindere tabwino. Zikasonkhana pamwamba ngati mafuta pa msuzi, ndi ndere ya penti. Mayeso awa sanena ngati poizoni alimo kapena mulibe. Ife timati ndere ya penti ikaoneka, tiitenge ngati ili ndi poizoni, pakuti mbuzi yakufa sibwerera.

Zikatero, mbuzi, nkhumba ndi agalu zisamwe pamenepo. Tchingani ndi minga mbali imene mphepo yaunjika ndere, ndipo ziweto muzizitungira kwina. Ana asasambemo, amayi asatsukiremo mbale kapena kuviikamo mphale. Masamba odya osaphika musathirire ndi madziwo. Nsomba zimene mwazipeza zitafa zokha musadye, musagulitse, musapatse galu, zikwirireni. Nsomba zamoyo za m'damu lobiriwira muzichotse matumbo ndi chiwindi, ndi kuzitsuka ndi madzi abwino. Wina akadwala atamwa kapena atasamba, pitani naye ku chipatala ndipo mukanene za madziwo.

M'damu la nsomba, mukaona nsomba zili yasa yasa m'mawa, lekani kuthira manyowa ndi madeya kwa masiku angapo. Tsegulani ngalande kuti madzi atsopano alowe, ena akale atuluke. Ngati madzi atsopano palibe, vundulani pamwamba ndi nthambi kapena kutunga ndi ndowa n'kumakhuthulira momwemo kuti mpweya ulowe, koma osadzutsa matope a pansi. Nsomba zikakhala zothithikana, kololaniko zina. Musathire mankhwala opha ndere. Ikafera pamodzi imatulutsa poizoni wake yense nthawi imodzi, ndipo powola imamaliza mpweya.

Kupewa kumayambira kumtunda. Mvula yoyamba ya Novembala ndi Disembala imakokolola feteleza, ndowe ndi zonyansa zonse za chilimwe n'kukazithira m'maiwe. Madzi osefukira, monga aja a namondwe Freddy mu 2023, amagwetsa ndi zimbudzi zomwe. Kumbani ngalande kumtunda kwa damu kuti madzi a m'munda azilambalala. Bzalani vetiva m'migula. Musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, siyani mzere wa udzu ndi bango. Khola ndi chimbudzi zikhale kutali ndi madzi, mamita 30 kapena kuposa. Manyowa a m'damu muziika m'kakhola ka timitengo pa ngodya, kuti akachuluka muthe kuwachotsa.

Chida chotsiriza ndi kope. Tikupempha kalasi iliyonse kuti isankhe dziwe kapena damu limodzi la m'mudzi mwawo. Ophunzira azisinthana, awiriawiri, kupita Lolemba ndi Lachisanu, kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika. Pa tsamba jambulani mizere isanu: tsiku, nambala ya pa ndodo, mtundu wa madzi, fungo, ndi m'mene nsomba zinalili m'bandakucha. Amene sanafike polemba mawu aatali alembe manambala, mnzawo alembe mawu. Nambala ikamatsika sabata ndi sabata, 40, 32, 25, uzani mwini damu ndi amfumu isanafike pa 20. Chiweto chikafa pafupi ndi madzi obiriwira, tungani madziwo m'botolo loyera, tsekani bwino, matanipo kapepala kolembedwa dzina la dziwe, mudzi ndi tsiku, ndipo mupite nalo pamodzi ndi kope lija kwa mlangizi kapena ku ofesi ya zaulimi ku Milange.